Phunziro la Mwezi Uno: Maloko, Mipiringidzo ndi Makiyi a Pakhomo Pathu

Amayi anzanga, phunziro lathu la mwezi uno likukhudza zinthu zimene timazigwira tsiku ndi tsiku koma sitikambirana kawirikawiri: zotsekera zitseko, zipata ndi makabati. Ambiri timaganiza kuti nkhani ya maloko ndi ya abambo ndi akalipentala. Koma amene timayenda ndi makiyi titamangirira kunsonga ya chitenje ndi ife. Amene timatseka nyumba usiku ndi ife. Ndipo mwana akamwa palafini, kapena nyumba ikagwira moto, woyamba kuthamanga ndi mayi.

Mfundo yaikulu ya phunziroli ndi iyi: loko ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kutchinga chimene sichiyenera kulowa kapena kufikiridwa. Yachiwiri ndi kulola eni nyumba kutuluka msanga pakagwa ngozi. Loko amene akugwira ntchito yoyamba yokha angathe kupha anthu omwewo amene anaikidwa kuti awateteze. Choncho tisanagule chotsekera chilichonse, tiyeni tizidzifunsa mafunso atatu. Kodi tikutsekera yani: wakuba, mwana, chiweto kapena mphepo? Kodi ndani angafunike kutsegula mwachangu? Nanga kiyi azikhala pati?

1. KUTSEKA NDI KUKIYA N'ZOSIYANA

Pali zotsekera zimene ntchito yake ndi kungogwira chitseko kuti chisatseguke chokha. Aliyense amene ali mbali yoyenera angathe kutsegula ndi dzanja. Palinso maloko, amene amafuna kiyi kapena manambala. Tikasokoneza ziwirizi timawononga ndalama, chifukwa timaika loko wodula pamene pamangofunika ngowe, kenaka n'kuika ngowe pamene pamafunika loko.

Makolo athu ankatseka chitseko cha bango kapena cha nsungwi ndi mpiringidzo, mtengo wopingasa womangidwa ndi chingwe. Mpiringidzo ndiye kholo la maloko onse, chifukwa ngakhale loko wamakono ndi kampiringidzo kachitsulo kamene kamakankhidwa ndi kiyi. Anthu akale a ku Egypt ankasema maloko amatabwa okhala ndi timitengo togwera m'mabowo a mpiringidzo, ndipo kiyi wake, amenenso anali wamtengo, ankatukula timitengoto. M'buku la Oweruza, mutu 3, timamvanso za antchito a mfumu amene anachita kutenga mfungulo kuti atsegule chipinda chokhomedwa. Maloko amene tili nawo lero anachokera kwa amisiri a zaka za m'ma 1700 ndi 1800. M'chaka cha 1778 Robert Barron wa ku England anakonza loko wa maliva, ndipo m'zaka za 1861 ndi 1865 Linus Yale wamng'ono, wa ku America, analembetsa loko wa kakiyi kakang'ono kaphanthiphanthi kokhala ndi mano.

2. MITUNDU YA ZOTSEKERA

Ngowe. Ndi kachitsulo kokhota kamene kamakola pa kamphete. N'kotsika mtengo ndipo n'kokwanira pa zenera, pa chitseko cha khitchini masana, kapena pogwiriza chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Wakuba saiopa ngowe, chifukwa amangolowetsa mpeni pampata n'kuitukula. Chimodzimodzinso kathabwa kozungulira pa msomali kamene timaika pa kabati ya mbale: kamaletsa mphaka ndi nkhuku, osati mwana wa zaka ziwiri.

Bawuti yokoka. Uwu ndi mpiringidzo wachitsulo umene timakoka ndi dzanja kuti ulowe m'felemu kapena pansi. Ndi yolimba, sifuna kiyi, ndipo imatseguka msanga ngakhale mumdima. Ubwino wake waukulu ndi womwewo. Kuipa kwake n'kwakuti imatsekedwa mbali imodzi yokha, choncho imateteza nyumba pamene muli anthu basi.

Loko wokoleka. Ameneyu ndiye tonse timamudziwa, wa pa sitolo, pa nkhokwe ndi pa sutikesi. Pogula, muyeseni kulemera m'manja. Wopepuka ngati chitini amasweka ndi nyundo kamodzi kokha. Yang'anani khosi lake, chitsulo chokhota chija: likhale lonenepa ndi lalifupi, chifukwa khosi lalitali limapereka mpata wolowetsa chitsulo chokanulira. Wa mkuwa sachita dzimbiri msanga, choncho ndiye woyenera panja. Koma kumbukirani kuti loko wokoleka amadalira chitsulo chimene mwamukolekapo. Ngati chitsulocho chinakhomedwa ndi misomali iwiri, kapena mitu ya masikuluwu ake ili poonekera, wakuba salimbana ndi loko. Amangomasula chitsulocho, loko wanu ali chikiyire. Uzani mmisiri aboole chitseko, aike mabawuti odutsa, manati ake akhale mkati.

Loko wa m'chitseko, wa maliva. Uyu amakwiriridwa m'thabwa la chitseko, ndipo kunja kumaoneka chogwirira ndi bowo la kiyi. Ali ndi malilime awiri. Lilime lopendekeka limalowa lokha mukakankha chitseko ndipo limabwerera mukatsitsa chogwirira. Limeneli ndi longotseka chabe. Lilime lachiwiri, lamakona anayi, limatuluka pokhapokha mutazunguliza kiyi. Limeneli ndiye lokiya. Mkati mwake muli timapale tachitsulo totchedwa maliva. Kiyi amayenera kutukula liva aliyense kufika pa msinkhu wake, apo ayi lilime silisuntha. M'masitolo mumapezeka a maliva 2, a maliva 3 ndi a maliva 5. A maliva 2 ndi 3 ali ndi mitundu yochepa ya makiyi, ndipo makiyi ake ambiri amakhala ndi nambala, moti munthu angathe kukagula wina wofanana naye kwa ogulitsa zitsulo. N'chifukwa chake nthawi zina kiyi wa kwa aneba amatsegula kuchipinda kwanu. Maloko otere ndi a zitseko za mkati. Pa khomo lakunja pamafunika wa maliva 5. Funsani wogulitsa akuonetseni pamene palembedwa. Safunsa adadya phula.

Loko wa silinda. Uyu ndi wa kakiyi ka mano kaja. M'kati mwa silinda muli timapini, kawirikawiri tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, totalika mosiyana. Mano a kiyi amakankha kapini kalikonse kufika pa mzere umodzi, ndipo zikatero silinda imazungulira. Makiyi ake ndi a mitundu yambirimbiri, choncho n'kovuta kuti wa mnzanu atsegule kwanu. Ubwino wina n'ngwakuti kiyi akatayika mumangosintha silinda yokha, osati loko yense. Iliponso silinda imene kunja imafuna kiyi koma mkati ili ndi kachogwirira kopotokola ndi zala. Mtundu umenewu muukumbukire, tiutchulanso kutsogoloku.

Loko wodzikiya yekha. Amaikidwa kumbuyo kwa chitseko, ndipo chitseko chikangotsekeka ndiye kuti chakiyika. Mkati amatseguka ndi dzanja, kunja ndi kiyi. Amathandiza anthu oiwala kukiya, koma ali ndi zovuta ziwiri. Lilime lake ndi lopendekeka, moti wakuba wochenjera amalikankha ndi kanthu kopyapyala. Chachiwiri, mphepo ikamenyetsa chitseko inu muli panja kukayanika zovala, mwana ndi mphika wa pamoto zimatsala mkati, kiyi ali pa tebulo.

Loko wa manambala. Alibe kiyi woti n'kutayika, koma nambala ikadziwika ndi mwana mmodzi imadziwika ndi mudzi wonse. Ndi wovutanso kutsegula mumdima kapena kwa munthu wa maso ofooka. Ndi wabwino pa chikwama cha paulendo, osati pa khomo lotulukira.

3. KHOMO LAKUNJA

Loko salimba kuposa chitseko chimene wakhalapo. Chitseko cha mapulayi, chopanda kanthu mkati, chimaboka ndi chidendene. Felemu lodyedwa ndi chiswe limazuka lonse pamodzi ndi loko wake. Musanawononge ndalama pa loko wodula, bayani felemu ndi nsonga ya mpeni: ngati ukulowa mosavuta, yambani mwasintha felemulo. Lilime lokiyira lilowe m'felemu masentimita 2, ndipo pamene likulowapo pakhale chitsulo chomangidwa ndi masikuluwu ataliatali.

Yang'ananinso mahinjesi. Chitseko cholemera chimafuna mahinjesi atatu. Ngati chitseko chimatsegukira kunja, mahinjesi ake amakhala panja, ndipo wakuba angathe kugogoda msomali wa pakati pake n'kuchotsa chitseko chonse osakhudza loko. Mmisiri angathe kuwotcherera mitu yake kapena kuika tizitsulo tolowa m'felemu kumbali ya mahinjesi.

Usiku, pamene banja lonse lili mkati, chitetezo chabwino ndi mabawuti awiri okoka, ina pamwamba ina pamunsi, kapena mpiringidzo wa mtengo wolimba wopingasa chitseko. Zimenezi zimalimba kuposa maloko ambiri a mumsika, ndipo sizifuna kusakasaka kiyi.

4. NJIRA YOTULUKIRA

Tsopano tafika pa ntchito yachiwiri ya loko. Pa 16 Juni 1883, mu holo yotchedwa Victoria Hall mumzinda wa Sunderland ku England, munali chionetsero cha ana. Atamva kuti pansi akugawa mphatso, ana amene anali m'chipinda cha pamwamba anathamangira pa masitepe. Kumunsi kwa masitepewo kunali chitseko chotsegukira mkati, chimene chinagwirizidwa ndi bawuti n'kusiya mpata wokwana mwana mmodzi yekha. Panalibe moto, panalibe wakuba, koma ana 183 anafa chifukwa chopanikizana. Ngozi imeneyi ndi imene inachititsa kuti zitseko zotulukira m'nyumba zosonkhanamo anthu zizitsegukira kunja, ndiponso kuti apange chotsekera cha chitsulo chopingasa chimene chimatseguka munthu akangochitsamira.

Phunziroli silinamveke paliponse. M'mwezi wa Malichi 2001, anyamata 67 anafa ndi moto m'nyumba yogona pa sukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Kenya. Khomo lina linali lokiya ndipo mazenera anali otchinga ndi zitsulo. Pa 31 Ogasiti 2023, nyumba ya Usindiso mumzinda wa Johannesburg inapsa usiku ndipo anthu oposa 70 anamwalira, ena mwa iwo abale athu a ku Malawi amene anapita kukafuna maganyu. Ambiri anakanika kutuluka chifukwa cha chipata chachitsulo chokiya.

Amayi anzanga, nyumba zathu zambiri lero zili ndi zitsulo m'mazenera onse, chitseko chachitsulo kutsogolo kwa chathabwa, ndi maloko awiri kapena atatu. Timatero chifukwa umbava ulipodi. Koma moto wa kandulo ukagwira neti kapena matiresi, utsi umadzaza chipinda m'mphindi zochepa, ndipo utsi ndi umene umagwetsa anthu moto usanawafike. Munthu amene akutsamwa ndi utsi mumdima sangathe kusankha kiyi pakati pa makiyi khumi. Tsoka silinunkha. Choncho tiyeni tisunge malamulo awa:

(a) Khomo limodzi likhale lotseguka kuchokera mkati popanda kiyi: la mabawuti okoka, kapena la silinda yopotokola ndi zala ija.

(b) Ngati pali chitseko chachitsulo chofuna kiyi, kiyi wake azikhala yekha pa msomali umodzi wodziwika ndi aliyense, pafupi ndi khomo koma poti dzanja lochokera pa zenera silingafike. Akhale pamunsi, chifukwa utsi umayamba kudzaza kumwamba ndipo pothawa timakwawa.

(c) Nyumba ikhale ndi njira ziwiri zotulukira. Ngati khomo ndi limodzi, zitsulo za zenera limodzi la kuchipinda chogona zikhale za mahinjesi, zotseguka kuchokera mkati. Wowotcherera zitsulo aliyense angathe kukonza zimenezi.

(d) Tisakiyire ana m'nyumba popita kumsika, kumunda, kumaliro kapena ku mapemphero a usiku. Mwana wokiyiridwa alibe pothawira. Ndi bwino kumusiya kwa aneba. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chimodzimodzinso agogo oiwalaiwala, munthu wa khunyu ndi wodwala maganizo: afunika munthu wowayang'anira, osati loko wa kunja.

(e) Pa misonkhano yathu, m'tchalitchi, mu holo ndi m'kalasi la Sande sukulu, makomo onse akhale osakiya nthawi yonse imene mkati muli anthu. Ndipo tikamakasiya ana ku sukulu zogonera komweko, tipemphe kuona kumene azigona, tiwerenge makomo, tifunse amene amasunga kiyi usiku ndi kumene amagona.

5. BAFA NDI CHIMBUDZI

Kuno chofunika ndi ulemu, osati chitetezo cha katundu, choncho kiyi safunika. Ngowe kapena kabawuti kakang'ono n'kokwanira. Kaikeni pamwamba poti mwana wamng'ono sangafike, kuopa kuti angadzitsekere n'kulephera kutsegula.

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino ndinaona kuti anthu ambiri achikulire amagwera kubafa ndi kuchimbudzi: a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a khunyu, ndiponso amayi oyembekezera amene achita chizungulire. Munthu akagwa m'kachipinda kakang'ono, thupi lake limatsamira chitseko. Ngati chitsekocho chimatsegukira mkati, omuthandiza amalephera kulowa, ndipo akachikankha mwamphamvu amamupweteka. N'chifukwa chake zitseko za zimbudzi za odwala zimakonzedwa kuti zizitha kutsegukira kunja. Ngati pakhomo panu pali wokalamba kapena wodwala, uzani kalipentala atembenuze chitseko, ndipo aike chotsekera chimene munthu wa panja angathe kutsegula pa ngozi. Ngowe ndi yabwino pamenepa chifukwa cha kufooka kwake komwe kuja: mpeni umaitukula.

6. CHIPATA, KHOLA NDI CHITSIME

Chipata cha mpanda chimakhala pa dzuwa ndi pa mvula, ndipo m'kupita kwa nthawi chimalendewera. Chikatero bawuti siilowanso pa bowo lake, ndipo anthu amayamba kungochikankhira osatseka. Mankhwala ake ndi mzati wozama bwino ndi thabwa lopingasa kuchokera pamunsi pa mbali ya mahinjesi kukafika pamwamba pa mbali yotsekera. Ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu, masana chotsekera chikhale pamwamba poti mwana woyamba kuyenda sangafike. Loko wa panja mumuveke kachidutswa ka chubu cha njinga kapena ka tayala kuti madzi asalowe.

Pa khola, dziwani kuti mbuzi ndi nkhumba zimaphunzira kutukula ngowe ndi mphuno. Pamafunika bawuti yokoka yokhala ndi bowo lokolekapo loko usiku. Khola la nkhuku lifuna chotsekera chosasiya mpata pamunsi.

Chitsime cha pakhomo chisakhale chovundikira ndi lata ndi mwala pamwamba. Chifuna chivundikiro cholemera cha mahinjesi ndi loko wokoleka. Mwana wamng'ono amamira mwakachetechete, osakuwa, ngakhale m'madzi ochepa a m'ndowa kapena m'beseni, chifukwa mutu wake ndi wolemera ndipo akagwa chamutu sangathe kudzuka. Migolo ya madzi nayonso ikhale yotseka molimba, ndipo dzenje la chimbudzi chimene chikukumbidwa litchingidwe.

7. KABATI YA MANKHWALA

Loko wofunika kwambiri pakhomo si wa pa khomo lalikulu ayi. Ndi kaloko kakang'ono ka pa kabati ya mankhwala. Ana a chaka chimodzi mpaka zisanu amalawa chilichonse, amakwera pa mipando, ndipo amatsanzira zimene akuluakulu akuchita. Kuika chinthu pamwamba pa kabati si kubisa ayi, ndi kumuonetsa mwana kokwera.

Zoyenera kukiyira ndi izi. Mapiritsi onse, makamaka owonjezera magazi amene amayi amalandira ku sikelo, chifukwa amaoneka ngati maswiti koma ndi oopsa kwambiri kwa mwana. Mankhwala a agogo a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, amene ngakhale piritsi limodzi kapena awiri angathe kugwetsa mwana wamng'ono. Panado, amene akachuluka amawononga chiwindi. Palafini ndi petulo. Mankhwala a makoswe monga tameki. Mankhwala opopera mbewu, othira m'chimanga ndi osambitsira ziweto. Mankhwala oyeretsera zovala, ndi soda woopsa uja amene timaphikira sopo m'magulu athu.

Kabati ya mankhwala akumwa ikhomedwe kukhoma, mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, kutali ndi moto ndi chinyezi, ndipo ikhale ndi loko wa kiyi. Ngati ndalama ya kabati palibe, kabokosi kathabwa kapena sutikesi yachitsulo ya loko wokoleka ikwanira. Mankhwala a kumunda ndi palafini akhale ndi bokosi lawolawo kunja kwa nyumba yogona, kutali ndi ufa ndi ndiwo. Tisathire palafini kapena mankhwala m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mwana waludzu amadziwa botolo, sadziwa fungo. Zikwama za alendo nazonso zipachikidwe, chifukwa ambiri timayenda ndi mapiritsi m'chikwama.

Mabotolo ena ali ndi chitsekerero chimene umayamba wachidinikiza kenaka n'kupotokola. Chinayambitsidwa ndi dokotala wa ana, Henri Breault wa ku Canada, m'chaka cha 1967, ndipo chapulumutsa ana ambiri. Koma chimangomuchedwetsa mwana, sichimuletsa. Komanso mapiritsi athu ambiri timalandirira m'timapepala tapulasitiki topanda chitsekerero chilichonse.

Tidziwenso malire a loko. Amateteza mwana wosadziwa kanthu, koma munthu wamkulu amene mtima wake wasweka amaupeza kiyi. Kafukufuku wamkulu wa ku Sri Lanka, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2017, anapeza kuti kugawira alimi mabokosi okiya sikunachepetse chiwerengero cha anthu omwa dala mankhwala a mbewu. Choncho tizigula mankhwala ongokwanira ntchito ya nthawi imeneyo, osasunga otsala. Ndipo ngati pakhomo pali wina amene akulankhula zotopa ndi moyo, tichotseretu mankhwala oopsa onse panyumbapo, tikhale naye pafupi, timumvetsere, ndipo tipite naye kuchipatala.

Chinthu china choopsa ndi filiji yakale, sutikesi yaikulu kapena bokosi limene limadzitseka lokha. Ana amabisalamo posewera chibisalirano, mpweya n'kuwathera. Ku America anachita kukhazikitsa lamulo m'chaka cha 1956 lakuti filiji iliyonse izitseguka kuchokera mkati, ndipo n'chifukwa chake mafiliji a masiku ano amatsekeka ndi maginito. Ngati kuseri kwa nyumba kuli filiji yakufa, chotsani chitseko chake lero lomwe.

8. NGOZI IKACHITIKA

Mwana akamwa palafini kapena mankhwala, musamusanzitse. Palafini akabwerera kukhosi amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa, ndipo soda amawotcha kummero kachiwiri potuluka. Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira, mazira aawisi kapena madzi a mchere. Muvuleni zovala zimene zathirikira mankhwala, mumusambitse ndi madzi ndi sopo. Ngati alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Ngati akuwodzera kapena wakomoka, mugonekeni chammbali ndipo musamupatse kanthu kukamwa. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo. Musadikire kuti muone ngati adwale, chifukwa mwana amene wamwa panado kapena mapiritsi a magazi angathe kuoneka bwinobwino poyamba pamene chiwindi chikuwonongeka.

9. BOKOSI LA NDALAMA ZA GULU

Ambiri a ife tili m'magulu a banki mkhonde. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, ndipo pamtima pake pali bokosi lachitsulo la maloko atatu. Makiyi amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, bokosi limasungidwa ndi wachinayi amene alibe kiyi, ndipo limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse. Maloko atatuwa sanena kuti msungichuma ndi wakuba. Amamuteteza. Mwamuna wake kapena m'bale wake akamuumiriza kuti abwerekeko pang'ono, iye amayankha zoona kuti sangathe kutsegula. Ndipo ndalama zikaperewera, palibe munthu mmodzi wolozedwa chala. Pogula malokowa, yesani kiyi aliyense pa maloko onse atatu, chifukwa otsika mtengo a mtundu umodzi nthawi zina amatsegulirana. Makiyi apadera amene amabwera ndi loko aliyense asasungidwe ndi munthu mmodzi. Ndalama zikachuluka, makamaka pafupi ndi nthawi yogawana, bokosi lokha silikwanira, chifukwa wakuba amanyamula lonse. Ndi bwino kukasungitsa ku banki.

10. KUSAMALA MALOKO NDI MAKIYI

Loko akayamba kulimba musathiremo mafuta ophikira. Amagwira fumbi n'kusanduka phala lomata. Palani mtovu wa pensulo, mupake pa kiyi, mulowetse ndi kutulutsa kangapo. Mahinjesi ndi mabawuti okoka ndiwo amafuna kadontho ka oyilo wa makina osokera. Nyengo ya mvula zitseko zathabwa zimafufuma. Musakakamize kiyi mpaka kuthyokera mkati, koma kokani kapena kankhani chitseko kuti lilime lilunjike pa bowo lake, ndipo chikapitirira itanani kalipentala achipale.

Musabise kiyi pansi pa mwala wa pakhomo, pansi pa chopondera kapena pamwamba pa felemu. Wakuba amayambira pomwepo. Siyani kiyi wapadera kwa munthu mmodzi wokhulupirika. Musalembe dzina kapena nambala ya nyumba pa makiyi. Mukalowa nyumba ya lendi sinthani loko kapena silinda ya khomo lakunja, mutagwirizana ndi eni nyumba, chifukwa simudziwa kuti makiyi ake ali ndi anthu angati. Kiyi akatayika pafupi ndi nyumba, chitaninso chimodzimodzi. Kiyi wa kabati ya mankhwala asakhale pa loko pomwepo, ndipo akuluakulu awiri a pakhomo adziwe pamene ali, kuti wodwala asaphonye mankhwala ake inu mukachoka.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi ndi zifukwa ziti zimene zimachititsa amayi a m'dera lathu kukiyira ana m'nyumba? Nanga ife ngati gulu tingathandizane bwanji kuti zimenezi zithe?

2. Ngati moto utabuka pa khomo lalikulu la nyumba yanu usiku, banja lanu lingatulukire pati?

3. Tchulani zinthu zisanu za m'nyumba mwanu zimene mwana wa zaka ziwiri angafikire lero koma n'zoyenera kukiyira.

4. Kodi makomo a malo amene timasonkhanira amatsegukira kuti? Ndani amasunga makiyi ake pa nthawi ya msonkhano?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Sabata ino chitani zinthu zitatu. Choyamba, gwadani pansi m'chipinda chilichonse kuti maso anu akhale pa msinkhu wa mwana, ndipo chotsani choopsa chilichonse chimene mwaona. Chachiwiri, usiku wina zimitsani nyale zonse, ndipo aliyense wa m'banjamo, kuphatikizapo ana okulirapo ndi agogo, ayese kutsegula khomo kuchokera pa bedi lake mumdima. Amene walephera akuonetsani chofunika kusintha. Chachitatu, funsani mtengo wa kaloko kamodzi ndi chitsulo chake chokolekapo. Pa msonkhano wa mwezi wamawa tidzamva zimene aliyense wapeza, ndipo tidzaona ngati pali mayi wina pakati pathu amene afunika kumusonkhera kuti naye akhale ndi bokosi la mankhwala lokiya.